Nsidze za a Hilda

A Hilda Mwakibinga anali telala wodziwika ku Iponga konse. Makina awo osokera ankakhala pakhonde, moyang'anana ndi msewu wopita ku Songwe, ndipo amayi ambiri akagula zitenje ku Kyela ankatsikira pomwepo kudzayezetsa asanafike n'komwe kunyumba kwawo. Koma chaka chimenecho ntchito inayamba kuwakanika chifukwa cha maso.

Poyamba ankati ndi fumbi. Kenako anazindikira kuti nsidze za zikope zam'mwamba zapindikira mkati, ndipo akaphethira zinkakanda diso ngati wina wathiramo mchenga. Misozi inkangotsika yokha. Dzuwa likawala kwambiri ankasoka atatsinzina diso limodzi, mzere n'kukhota, iwo n'kuphwasula n'kuyambiranso. Mwana wawo Tusekile, amene ankaphunzitsa pasukulu ya pulayimale yapafupi, ankabwera Loweruka ndi kachitsulo kozulira nsidze, n'kuwagoneka mutu pamiyendo pake, n'kumazula imodziimodzi. Mpumulo unkakhalapo pang'ono, koma zikameranso zinkabwera zazifupi ndi zolimba, zobaya kuposa kale.

"Mama, izi si zozula ayi. Tikungokulitsa vuto," anatero Tusekile tsiku lina akupukuta kachitsuloko.

Choncho atalengeza kutchalitchi kuti pachipatala chaching'ono cha m'deralo pabwera anthu ofufuza za matenda a maso, a Morton, amuna awo, anawakweza panjinga n'kupita nawo. Anthu anali ambiri, makamaka amayi achikulire. A Morton anatsala panja, pansi pa mtengo wa mango, akucheza ndi anzawo za mbalame zimene zinkawathera mpunga.

Mkatimo bambo wina wovala magolovesi anawatembenuza chikope, n'kuunika ndi tochi. Atawapempha chilolezo, anapukuta mkati mwa chikopecho ndi kathonje kapakamtengo, n'kukaika m'kabotolo, kabotoloko m'bokosi lozizira.

"Awa ndi matenda a trakoma, amayi. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa klamidiya."

"Kachilombo?"

"Osati ka Edzi ayi, musaope. Mwezi wamawa kubwera dokotala wa maso, adzakukonzani zikopezi. Ifenso tidzafuna kukuyezaninso."

Pakhomo panali kale wina akudikira kulowa, ndiye a Hilda sanafunse zambiri. Anangosunga dzinalo mumtima, akulibwereza m'njira yonse kuti angaliiwale.

Loweruka Tusekile atabwera, anamuuza. Iye analemba dzinalo pafoni yake, n'kuyamba kuwerenga chamumtima.

"Werenga mokweza, ndimve nane."

"Mama, mwina simunamve bwino dzinalo."

"Makutu anga ndi abwino, ovuta ndi maso. Werenga."

Tusekile anayang'ananso pafoniyo. "Akuti ndi matenda opatsirana pogonana. Akuti munthu amatha kukhala nawo nthawi yaitali osadziwa."

A Hilda anadzuka pamiyendo pa mwana wawo, diso lina lisanazulidwe n'komwe. Iwo anakwatiwa ali mtsikana, ndipo mwamuna wina aliyense sanamudziwepo. Koma a Morton anali dalaivala. Zaka zimene mgodi wa ku Kayelekera unkagwira ntchito, ankayendetsa lole maulendo aatali kunja kwa dziko, osaoneka pakhomo kwa milungu. Nthawi imeneyo amayi anzawo kudirawo ankawaseka kuti mkazi wa dalaivala samakhala yekha, ali ndi anzake m'malire monse. A Hilda ankawayankha kuti awo ndi madalaivala ena, osati bambo a Tusekile. Tsopano mawu onse aja anabwerera pamodzi, ndi nkhope za amene ankawanenawo.

A Morton anafika masana kuchokera kumunda wa mpunga, miyendo ili matope mpaka m'mawondo. Tusekile anali atathawira kale kwa azakhali ake.

"Bambo a Tusekile, khalani pansi," anatero a Hilda m'Chinkhonde, chilankhulo chimene ankayankhulana awiriwo. "Ndikufuna mundiuze dzina la mkazi amene anakupatsani matenda akundidya masowa."

A Morton anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti akazi awo sakuseka, anatsamiritsa khasu kukhoma.

"Mukuti chiyani kodi?"

Anawafotokozera zonse, za dzina lija ndi zimene Tusekile anawerenga.

"Ndiye matenda a m'maso ndi nkhani zakuchipinda zikukumana pati?"

"Funsani amene munkagona nawo m'misewu."

"Ndinkagona m'lole, mayi a Tusekile. Ndinkaopa akuba mafuta."

"Foni yanena zonse."

"Foni," anatero a Morton pang'onopang'ono. Anayang'ana matope akuuma pamiyendo pawo. "Zaka zonsezi mwakhala mukundisungira zimenezi mumtima?"

A Hilda akanatha kuima pamenepo, koma diso linabaya, mkwiyo n'kukwera. Ananena kuti ukulu wampingo umene ali nawo ndi wovala Lamlungu basi ngati jekete. Ananena kuti iwo akachita khungu, a Morton akatenge mmodzi wa akazi awo a ku Zambia adzawaphikire. A Morton anangonyamuka. Anakasamba, anadya pang'ono, ndipo m'mawa mwake analongedza zovala m'chikwama n'kunena kuti akupita ku Sangilo kwa mng'ono wawo Yotamu, akathandizeko ntchito ya usipa. Njinga anaisiya.

Dokotala wa maso atabwera, a Hilda sanapite. Ankaganiza kuti aliyense wowaona pamzerepo adziwa kuti amuna awo anawabweretsera chiyani. Makina anawalowetsa m'nyumba. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, atafunda chitenje mpaka pamphumi. Nthawi zina ankayang'ana amayi ena amene anali nawo pamzere tsiku lija. Mmodzi anali wamasiye kuyambira kalekale, wina anali mlongo wake wa abusa, munthu amene sanakwatiwepo. Zinkawazunguza mutu, koma ankangoti za mitima ya anthu amadziwa ndi Mulungu.

Tsiku lina chakum'mawa panaima galimoto pamsewu, n'kutsika mayi wina wachitsikana atavala nsapato zathyathyathya ndi chipewa. Tusekile anali pakhomo chifukwa sukulu inali itatsekera.

"Mwaghona, mama," anapereka moni mlendoyo, Chinkhonde chake chikumveka kuti n'chophunzirira kumene. Kenako anabwerera ku Chichewa. "Ine ndine Ruth, kwathu ndi ku Dedza. Ndimagwira ntchito ku labu kumene timayeza timathonje tija tinapukutira m'maso mwanu. Anzanu onse anabweranso, inu simunaoneke. Ndiye ndati ndidzakuoneni, mwina mwadwala."

Anamuyalira mphasa pamthunzi. A Hilda anakhala chammbali, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Kumeneko sindipitakonso, mwananga. Zimene munandiuza zakwana. Banja langa latha nazo."

"Tinakuuzani chiyani, amayi?"

Tusekile ndi amene anatulutsa foni, n'kumuonetsa Ruth zimene anawerenga tsiku lija, n'kufotokoza mwachidule kuti bambo ake ali ku Sangilo ndipo foni sakuyankha. Ruth anawerenga, anavula chipewa, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine. Pepani kwambiri, amayi. Olakwa ndife, tinakupatsani dzina popanda kulimasulira. Zimene zalembedwa apazi n'zoona, koma si za inu."

"Si za ine bwanji, dzina ndi lomwelo?"

"Dzina ndi limodzi, koma tizilomboti tili m'magulu. Pali gulu limene limagwira ziwalo zobisika, ndi limene mwana wanu anawerengali. Pali lina la m'maso, ndi limene limabweretsa trakoma. Limeneli limayenda ndi ntchentche, ndi zala, ndi nsalu zopukutira kumaso, ndipo limakonda ana. Ndikufunseni, muli mwana maso ankakuvutani?"

A Hilda anatembenuka pang'ono. Anakumbukira mudzi umene anakulira, khola la ng'ombe lili pafupi ndi nyumba, ntchentche zili ng'waa pankhope za makanda. Anakumbukira kudzuka m'mawa maso atamatana ndi manthongo, amayi awo n'kuwaika pamzere ana onse, n'kumawapukuta ndi nsonga ya chitenje chimodzi chonyowetsa. Madzi ankatunga kutali, osamba kumaso anali ochita kupemphetsa.

"Chaka chilichonse," anayankha. "Tonse m'nyumba. Tinkangoti ndi nyengo yake."

"Ndi pamenepo zinayambira. Komanso ndikuuzeni china. Pakathonje kanu sitinapezepo kachilomboko ngakhale pang'ono. Kanachoka kalekale, mwina musanakwatiwe n'komwe."

"Nanga chikundibayachi n'chiyani, ngati kanachoka?"

Ruth anasendera pafupi. "Thupi lathu linapangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono kwambiri totchedwa maselo. Mkati mwa chikope chanu aliponso ambirimbiri. Ndiye m'selo iliyonse muli majini."

"Majini?" A Hilda anakoka chitenje chawo n'kubwerera m'mbuyo. "Yesu wanga! Alowa bwanji?"

Tusekile anaphulika kuseka, koyamba chichokereni bambo ake. "Asisi, kuno majini ndi ziwanda zija amati anthu amakagula ku Tanzania."

"Ayi, ayi, si amenewo!" Ruth nayenso anaseka, akukupiza manja. "Tingoti malangizo. Malangizo amene munthu aliyense amabadwa nawo, ouza selo chochita. Alipo ochuluka zedi, koma sagwira ntchito onse nthawi imodzi. Ena amakhala akugona, ena ali maso. Kachilombo aka kakafika, kamalowa mkati mwenimweni mwa selo n'kubisala momwemo. Selo ikazindikira kuti mwalowa mlendo, imadzutsa malangizo oitana asilikali a m'magazi. N'chifukwa chake diso limafiira n'kutupa. Imadzutsanso ena okonza pamene pawonongeka. Zikachitika kamodzi kapena kawiri palibe vuto, nkhondo ikatha onse amagonanso. Koma mwana akamadwala chaka ndi chaka, mwa anthu ena malangizo okonza aja sagonanso. Amangopitiriza kupanga chipsera, ngakhale mdani atapita kalekale. Ife ku labu timatha kuona kuti ndi malangizo ati amene ali maso. Mwa inu ndi amenewo."

A Hilda anayang'ana pamphasa. Kenako anatola kansalu kotsalira kamene kanali pamphasapo, n'kukapinda ndi zala.

"Ngati munthu wosoka pamalo amodzi mobwerezabwereza, pong'ambika patatsekeka kale. Nsalu imakwinyika, m'mphepete n'kupindikira mkati."

"Ndendende, amayi. Chikope chanu chakwinyika mkati, ndiye chakoka nsidze."

"Nanga mng'ono wanga Febby? Tinkapukutidwa ndi chitenje chomwecho, koma iye maso ake ali mbee mpaka lero."

"Limenelo ndi funso limene ifenso likutisowetsa tulo. Chifukwa chake sitikuchidziwa bwinobwino, n'chimene tikufufuza. Tikadzachidziwa, mwina tidzapeza mankhwala ogonetsa malangizo aja chipsera chisanafike pamenepa. Panopa chimene chilipo ndi opaleshoni yaing'ono yotembenuza chikope. Dokotala abweranso posachedwa. Mukachedwa nsidzezi zikanda diso mpaka lichite ng'ala, ndipo pamenepo kubweza n'kovuta."

A Hilda sanamve bwino mawu omalizawo. Funso lawo linali lina.

"Ndiye bambo a Tusekile..."

"Pa matenda a masowa alibe mlandu, amayi. Ngakhale mukanakwatiwa ndi wina, kapena osakwatiwa n'komwe, zikanachitikabe."

A Hilda anaika manja onse awiri pamutu, n'kutulutsa mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Mapewa awo anagwa. Analira, koma kulira kwake kunali kosakanikira ndi kuseka, akubwereza kuthokoza m'Chinkhonde kuti, "Ndagha, mwananga, ndagha." Tusekile anawagwira dzanja, naye misozi ili m'maso, akupepesa kuti anawerenga mzere woyamba wokha n'kusiyira pomwepo. Patapita kanthawi a Hilda anasiya kuseka. Anakumbukira za jekete la Lamlungu ndi akazi a ku Zambia.

"Tusekile, undikweze minibasi mawa."

Ulendo wochoka ku Iponga kukafika ku Sangilo ndi wautali, wosinthira galimoto pa boma. A Hilda anauyenda okha, atavala magalasi akuda obwereka kwa mwana wawo, mphepo ya pawindo ikuwawawitsa maso. Anafika dzuwa lili pamutu. Mkazi wa Yotamu anawalandira modabwa, n'kuwalozera kumathandala kumene amayanikako usipa.

A Morton anali pomwepo, atavala chisoti cha mlaza cha mng'ono wawo, akumwaza usipa pathandala mosazolowera, wina kuunjikana, wina kugwera pansi. Anali ataonda. Atawaona akazi awo anaima pang'ono, kenako anapitiriza ntchito.

A Hilda anagwada pamchenga wotentha.

"Bambo a Tusekile, ndinakunamizirani. Ndabwera kudzapepesa."

"Foni yasintha mawu?"

"Kunabwera munthu, osati foni."

Anafotokoza mmene anathera, za magulu awiri a kachilombo, za ntchentche za kukhola la bambo awo, za malangizo a m'thupi amene anadzuka iwo ali mwana osagonanso. A Morton anamvetsera osawadula, m'manja ali ndi usipa wauwisi. Yotamu, amene ankakonza ukonde chapafupi, ananyamuka mwakachetechete n'kupita kuseri kwa nyumba.

"Dzukani, mchengawo ukuwotchani," anatero a Morton pomaliza. Anakakhala onse pamthunzi wa thandala. "Mukudziwa chimene ndinachita nditafika kuno? Ndinapita kuchipatala. Ndinawauza kuti andiyeze chilichonse chimene munthu angatenge kwa mkazi."

"Inu?"

"Ine. Ndinkadziwa kuti sindinachite kanthu. Koma mmene munalankhulira muja, ndinayamba kudzikayikira ndekha, kuti mwina pali njira ina imene munthu amatengera osadziwa. Ndinaima pamzere ndi anyamata ausodzi, imvi zili mbuu, akundiyang'ana n'kumakodolana."

"Ndiye anati bwanji?"

"Anati ndichepetse mchere."

A Hilda anafuna kuseka koma anaopa. A Morton ndi amene anayamba, kuseka kwapansipansi kogwedeza mapewa, kenako onse awiri. Koma atamaliza, nkhope ya a Morton inabwerera mwakale.

"Mawu aja anandipweteka, mayi a Tusekile. Za matenda ndikanapirira. Koma kuti m'tchalitchi ndimangovala nkhope, zimenezo sizichoka lero."

"Ndikudziwa."

Anayang'ana ntchentche zikuzungulira thandala. Kenako a Morton anatambasula dzanja, n'kuwavula magalasi aja. Anaona maso ofiira, zikope zotupa, misozi itauma m'masaya.

"Dokotala uja anabwera?"

"Anabwera. Sindinapite, ndinkachita manyazi."

"Simunapite?" Anadzuka msangamsanga mpaka kugunda mutu kuthandala. "Yotamu! Chikwama changa chili kuti?"

Dokotala wa maso atabweranso, a Morton sanatsale panja. Analowa nawo mpaka m'chipinda chofunsira mafunso, n'kumafunsa chilichonse kawirikawiri, mpaka namwino anawapempha mwaulemu kuti akadikire pabenchi. A Hilda anagonekedwa pabedi, anawafunditsa nsalu yobiriwira yokhala ndi kabowo padiso, n'kuwabaya jekeseni pachikope. Umenewo ndi ululu wokha umene anaumva. Kenako ankangomva kukokakoka ndi kulira kwa tizitsulo m'mbale, dokotala akucheza ndi namwino za mvula imene inachedwa. Atamaliza diso lina anayamba linzake. Anatuluka maso onse atamangidwa, a Morton n'kuwagwira pamkono, kuwauza pamene pali sitepe ndi pamene pali mwala. Tsiku limenelo a Morton ndi amene anaphika, mbalagha, chakudya cha nthochi zophika, koma yosapsa bwino, ndipo a Hilda anadya yonse osadandaula.

M'mawa mwake anabwerera kukamasula mabandeji. Ruth analiponso, akutenga timathonje kwa anthu ena, ndipo atawaona anasiya kaye n'kubwera. Namwino ananyowetsa pulasitala, n'kuchotsa pang'onopang'ono.

"Tsegulani, amayi. Musafulumire."

A Hilda anatsegula. Zikope zinali zolemera, zotupa, ulusi ukumveka kukoka. Anaphethira kamodzi, mapewa atakwera kale kudikira kubaya kuja. Sikunabwere. Anaphethiranso. Anayang'ana kumanzere, kumanja, kudenga, n'kuphethira kangapo motsatizana ngati mwana amene waphunzira kumene.

"Palibe," anatero chapansipansi. "Mchenga uja palibe."

"Kutupaku kutha," anatero Ruth. "Koma muzibwera kudzayezetsa. Takonza chikope, malangizo aja sitinawagonetse. Mwa anthu ena nsidze zimabwereranso pakapita zaka. Mukangomva yoyamba kukanda, osazula, mubwere."

"Azibwera," anayankha a Morton iwo asanatsegule pakamwa.

A Hilda anatembenukira kwa amuna awo. Kwa nthawi yaitali ankawaonera m'misozi, nkhope ili mbuu ngati ya munthu woima kuseri kwa galasi lonyowa. Tsopano anawayang'anitsitsa, kuyambira kumutu mpaka kuchibwano.

"Kodi mwakalamba liti chonchi?"

"Ku Sangilo," anatero a Morton.

Namwino anaseka mpaka kugwetsa thonje. Anawapatsa mafuta opaka m'maso n'kuwauza tsiku lodzaonetsa ulusi. Panja a Morton anagwira njinga kuti akazi awo akwere, koma a Hilda anakana. Anati akufuna kuyenda pansi, aone minda. Ananyamuka choncho, a Morton akukankha njinga, a Hilda ali kumbali kwawo atatchinga dzanja pamphumi, akufunsa mwini wa munda uliwonse umene ankadutsa ndi chifukwa chimene mpunga wa ena unali wobiriwira kuposa wawo.